Boneti ya Ba Munsaka

"So mukamba ati mwasiliza?" anafunsa Norah, manja ali m'chiuno, chikwama cha mabuku chikadali kumsana. "Ba Jairos, uku ndiye kusiliza kwanu?"

Linali Lachiwiri masana, dzuwa la Okutobala likuwotcha mchenga wa ku Malota mpaka nkhuku kumayenda kukamwa kuli yasa. Galaja ya Ba Jairos, m'maso mwa Norah, siinali yoyenera n'kutchedwa galaja komwe. Unali mtengo wa mango, malata anayi omangidwa ndi waya, ndi mulu wa zitsulo zadzimbiri mmene abuluzi ankachitiramo misonkhano yawo. Pakati pa zonsezo panaima galimoto ya malemu bambo ake, Pijoti yakalekale, ya mtundu wa thambo la m'mawa.

Galimotoyo inali itakhala pa njerwa zaka zisanu ndi zitatu, chimwalirireni Ba Munsaka, amene ankanyamula nayo alendo kupita nawo ku mathithi. Mayi ake a Norah, Ba Maambo, ankangodziwa kuti inawolera komweko, ndipo ku Malota sankafuna n'kudutsako komwe. Koma Mweemba, mchimwene wake wa Norah wogwira ntchito ku Lusaka, ankakwatira Loweruka la sabata lomwelo, ndipo awiriwo anali atapangana mobisa kuti galimotoyo idzuke, idzaime pakhomo m'mawa wa ukwati, mayi awo adzangoiona. Miyezi isanu Norah anasunga chinsinsicho ngati dzira m'thumba la yunifomu. Akamagona ankaziona zonse: maliboni oyera akuuluzika, mayi ake atagwira pakamwa, anyamata akutsekula boneti n'kumajambula zithunzi monga amachitira alendo a magalimoto akale akaima m'tauni.

Kunja kwake galimoto inali yokongola, zimenezo Norah sakanatsutsa. Injini nayo inkalira mofatsa ngati mphaka wokhuta. Koma atakweza boneti, kunsi kwa chivundikirocho kunali kwakuda bii, monga kale, ndipo pakudapo panali timizere ta penti yoyera, manambala opindikapindika ngati a mwana wa giredi wanu. Norah anawerenga timizere tiwiri tokha. Oilo 4-2-99. Mabuleki. Anakwinya mphuno. Ankadziwa kuti amakaniko akale, osazolowera mabuku, amalemba masiku osinthira oilo pansi pa boneti. Koma pa galimoto ya ukwati?

"Ba Mweemba anakamba ati yonse ikhale nyowani. Yonse. Manje izi ni chani?"

Ba Jairos anapukuta manja pa ovolosi yawo yothimbirira. Anali munthu wokalamba, wamtali ndi wowonda, ndipo anali ndi chibwibwi. Akamalankhula ndi injini mawu ankatuluka bwinobwino, koma munthu akawakalipira mawuwo ankakakamira pakhosi ngati bawuti yadzimbiri.

"A-a-apa, mwana wa Munsaka, apa si-si-sitinga…"

"Simungakwanise. Naziba. Penti yasila, olo mwalema."

"Iyayi. A-a-atate ako a-a-ana…"

"Ba dadi anali kukudalirani, ehe, namvela kale iyo nyimbo. Ndiye chifukwa motoka yao inakhala nyumba ya nkhuku eiti yazi."

Mkuluyo anatseka maso, nakoka mpweya, nayesanso. "F-f-funsa amai ako."

Norah anaseka, kuseka kouma kopanda chimwemwe. "Nifunse ba mami? Chisinsi cha miyezi faivi chionongeke chifukwa imwe muopa sandipepa? Awe, ba mudala. Kuli anthu mu tauni amene aziba nchito."

Anatembenuka n'kumapita, nsapato zake zasukulu zikuponya mchenga. Kumbuyo anamva Ba Jairos akulimbanabe ndi liwu lina, koma analibe nthawi yodikira liwu lofika mawa.

Galaja ya Oscar inali m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku mathithi. Inali ndi ofesi ya magalasi, nyimbo zogunda pachifuwa, ndi mashini opopera penti. Oscar mwini wake anali mnyamata wa tcheni m'khosi, wovala magalasi akuda ngakhale ali mumthunzi, ndipo ovolosi yake inali yoyera ngati ya dokotala. Norah atangomuona, mumtima anati: makaniko ndi ameneyu.

"Mudala wa ku Malota?" Oscar anatero atamva nkhani yonse. "Akali moyo? Uja apenta motoka na burashi ya mano, sisita. Ukamufunsa mtengo wa pulagi pa Mande, yankho ukatenge pa Sande."

Norah anaseka mpaka misozi.

"Ileteni kuno. Tizachosa boneti, tizapalula vonse vija, tizapopera. Ba bulazi ako akaitsegula azaziona nkhope."

Madzulo Norah anabisala kuseri kwa nyumba yawo ku Linda n'kuimbira Mweemba. Anamuuza kuti Ba Jairos asiya litsiro mkati ndipo akukana kumalizitsa. Mweemba anali pamzere kwa telala, suti yake itafupika manja, mutu uli pena.

"Iwe ndiwe uli pafupi," anatero. "Chita chamene uona. Chabe ba mami asazibe."

Lachitatu, potuluka ku sukulu, Norah anafika ku Malota ali ndi Oscar. Ba Jairos atamva chimene abwerera, anakaima kutsogolo kwa galimoto, natambasula manja awo aatali pa boneti ngati nkhuku yofungatira. Amayi ogulitsa makala tsidya la msewu anasiya malonda n'kuyandikira. Ena anasuzumira pamwamba pa mipanda.

"Kiyi," anatero Norah, atatambasula dzanja.

"Mwa-mwa-mwanangu, yembekeza. Mve-mve-mve…"

"Mve-mve-mve," Oscar anawatsanzira, akugwedeza mutu ngati galimoto yokana kulira. "Ba mudala, batile yanu yafa. Tikukankheni?"

Anthu ena anaphulika nako kuseka. Norah naye anaseka, ndipo anaseka mokweza kuposa onse, kuti aliyense aone mbali imene iye ali.

"Ni motoka ya ba dadi, si yanu," anatero. "Eiti yazi muli nayo. Kapena munali kuganiza ati tizaiwala? Nipaseni kiyi, olo niitane anthu aone mwamene mukanila chinthu cha eni ake."

Mawu amenewo ndi amene anawagwetsa manja. Ba Jairos anamuyang'ana Norah nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera, koma sanayesenso kulankhula. Anapisa m'thumba la pachifuwa, natulutsa kiyi womangidwa pa kachingwe ka chikopa, namuika m'dzanja lake. Kenaka anawerama, napukuta kafumbi pa galasi la m'mbali ndi mkono wa ovolosi yawo, n'kupatuka.

Oscar analiza injini mwamphamvu yosafunikira. "Mawa nili bize," anakuwa ali pawindo. "Fulaide m'mawa tiyamba, madzulo yauma."

Norah anabwerera kwawo akuyenda ngati wapambana mpikisano wa mtsutso. Mudala wa pansi pa mango, ankatero mumtima, akaphunzire kuti dziko linapita patsogolo.

Lachisanu linali tsiku lokumbukira ufulu wa dziko, sukulu kunalibe. Pakhomo pawo ku Linda panali piringupiringu. Azakhali ochokera kumudzi ku Simonga ankasefa chibwantu, thobwa la kumeneko, m'migolo kuseri, ena ankasenda anyezi akuimba nyimbo zaukwati. Norah anali m'chipinda ndi mayi ake, akupinda nsalu pamene iwo ankasita diresi lawo la mawa.

Mwadzidzidzi Ba Maambo anaimika ayironi. Anayang'ana pawindo, ngati pali munthu amene akumuona kunjako.

"Atate ako akanakhalapo," anatero motsitsa, "mawa sembe alemba."

"Alemba chani, ba mami?"

"Siku ya ukwati wa mwana wao." Anamwetulira okha. "Suziba iwe. Olo Mweemba saziba. Tinali kuziba anthu atatu chabe: ine, iwo, na Ba Jairos."

Norah anasiya kupinda.

"Ba Jairos ndiye anawaphunzisa kulemba masiku ya oilo pansi pa boneti. Manje siku ina mvula inanipeza pa njira ya ku Simonga, nili na thumba ya nshaba pamutu. Taksi ya buluu yaima. Dalaivala wamanyazi, sanakambe olo liu imozi mpaka mu tauni. Kanshi, ine osaziba, atafika pa lanki ya mataksi anasegula boneti, analemba siku ija pakati pa maoilo, kuti anzake asamuseke. Ndani angawerenge voipa va makaniko?" Anaseka pang'ono, napukuta diso ndi chala. "Kuchokela apo, siku iliyonse ikulu inali kupita pamene paja. Ukwati wathu. Mweemba. Iwe. Siku unabadwa, manesi anali kuwasakila kuti aone mwana, iwo ali panja pa chipatala na kachitini ka penti."

Norah anafinya nsalu ija m'manja.

"Ine atate ako sananilembelepo kalata," Ba Maambo anapitiriza, akunyamulanso ayironi. "Kalata yanga ni boneti ija. Ndiye chifukwa ku Malota sinipitako. Nikaione yaola? Awe. Koma nthawi zina nimapempha Mulungu ati, niwerengeko chabe kamozi nikalibe kufa." Anacheuka. "Iwe, nanga wayela nkhope bwanji?"

Norah anali atatuluka kale. Nsalu imene ankapinda inali pansi.

Anathamanga wopanda foni, atavala mapatapata. Pa siteji minibasi inali itaima, kondakitala akuitanira anthu mwaulesi, mipando theka ili yopanda anthu. Sanadikire. Pafupi ndi tauni msewu unali utatsekedwa, ana asukulu akuguba ndi timbendera, ng'oma zikugunda. Anadutsa pakati pawo, mphunzitsi wina akumukalipira. Patapata limodzi linaduka. Anavula onse awiri n'kuthamanga chosavala pa phula lotentha. M'mutu mwake munkangobwera manja aatali aja atafungatira boneti, ndi liwu lija limene sanalilole kutha. A-a-atate ako a-a-ana… Analemba. Linali liwu limodzi lokha. Likanamutengera kamphindi kochepa kuposa kuseka kwake.

Asanafike pa geti anamva kale kulira kwa mashini opalira, kulira kopyapyala ngati kwa udzudzu waukulu.

Boneti inali itachotsedwa, itagonekedwa chagada pa migolo iwiri. Oscar anali atawerama pamwamba pake, kansalu kumphuno, fumbi lakuda likuuluka.

"Lekani! Ba Oscar, lekani!"

Nyimbo ndi mashini zinameza mawu ake. Norah anaona chingwe cha magetsi chikukwawa pansi, nachitsatira, nachizula pakhoma. Mashini anafa.

"Iwe, wapenga?" Oscar anakuwa, akuvula kansalu.

Norah anagwada pambali pa migolo. Chapakati pa boneti panali dera lalikulu ngati thireyi pamene chitsulo chinkanyezimira mbee, chopanda chilichonse. Kwina konse timizere toyera tinalipobe. Anayamba kuwerenga kuchokera pamwamba, ndipo ulendo uno sanalumphe kamzere n'kamodzi komwe.

Oilo. Mabuleki. Oilo. Kenaka, mwa zilembo zomwezo zopindika: Maambo, njira ya Simonga, mvula. Aseka kawiri. Oilo. Matayala awiri. Avomela. Oilo. Mweemba wabadwa, mutu monga wanga.

Anatsika ndi chala, chaka ndi chaka, akufunafuna dzina limodzi. Zaka zinkayenda bwinobwino mpaka pamphepete pa dera lonyezimiralo, n'kuduka. Tsidya lake zinkayambiranso iye ali kale ndi zaka ziwiri. Anabwereza kawiri. Dzina lake panalibe. Linali fumbi limene linali pa ovolosi yoyera ya Oscar.

"So tipitilize olo bwanji?" Oscar anafunsa.

"Musagwilenso. Napapata, chonde."

"Ah! Juzi pa Wenizide unali kuseka na ise, lelo ulilila vima nambala va mudala?" Anaponya mashini pa tebulo. "Atsikana a pa sukulu. Chosani chigubu chanu cha motoka pano, nili na mamotoka ya anthu enieni. Ine sinimangilanso boneti yakuda pa motoka, ninganyazise dzina yanga."

Norah anamuyang'ana. Tcheni chinali chomwecho, magalasi omwewo, koma tsopano ankangoona munthu amene amaseka chilichonse chimene sachimvetsa. Ndipo chimene chinamupweteka n'chakuti kuseka kumeneko ankakudziwa bwino. Kunali kwake.

Ulendo wa ku Malota anauyenda pang'onopang'ono, mapazi atatupa matuza. Anawapeza Ba Jairos atakhala pa tayala pansi pa mango, pamalo pamene galimoto inkaima, akutsuka masipanala amene anali oyera kale. Amayi amakala aja anatukula mitu. Norah anawaona, koma anagwadabe pamchenga wotentha, nawomba m'manja mofatsa monga anaphunzitsidwira ali wamng'ono, mwambo umene anali atausiya kalekale poti ndi wachimidzi.

"Ba Jairos, nalakwa. Ba mami aniuza. Nafika mochedwa, pakati apalula."

Mkuluyo anaika sipanala pansi. Anatsekula pakamwa, ndipo liwu linakakamira. Linakakamira nthawi yaitali. Norah anamva yankho likumuyabwa pa lilime monga mwa masiku onse, koma analuma mlomo nadikira. Anadikira mpaka liwulo linatuluka lokha, ndipo linali losiyana ndi limene iye akanawamalizira.

"Ma-ma-mapazi. Uzapsa. Nyamuka."

Anamubwereka nsapato zawo zakale zamphira, natenga bokosi la zitsulo, ndipo anapita limodzi. Kwa Oscar, Ba Jairos sanayang'ane munthu. Anapukuta fumbi pa boneti ndi kansalu kofewa, napaka mankhwala oletsa dzimbiri pa dera lopalidwalo, kenaka iwo ndi Norah ananyamula boneti n'kuimangirira pamalo pake, Norah atagwirizira, iwo akumanga mabawuti.

"Simungalembenso?" Norah anafunsa ali m'njira yobwerera, mawu ali pansi. "Imwe muziba vamene vinalipo. Ba mami sangazibe."

Ba Jairos anapukusa mutu, maso ali pamsewu. Ali pa chiwongolero mawu ankawavuta pang'ono pokha. "Kwanja ya Munsaka kulibe. A-amai ako siningawanamize."

Norah anafuna kufunsa chimene chinalembedwa pa tsiku lake, koma anaona kuti alibe nkhope yofunsira.

Loweruka m'mawa, anthu atadzaza pabwalo ku Linda, kunamveka huta wa galimoto wakale, wa mawu awiri, kumapeto kwa msewu. Ba Maambo anali pakhonde atavala diresi lawo latsopano. Anaumirira pomwepo. Pijoti inakhota pang'onopang'ono, maliboni oyera akuuluzika monga mmene Norah ankalotera, Mweemba ali kutsogolo mu suti yake, Ba Jairos akuyendetsa atavala jekete lakutchalitchi. Azakhali anayamba nthungululu.

Ba Maambo sanagwire pakamwa. Sanayang'ane penti, kapena mipando yatsopano, kapena mkwati amene ankatsika akumwetulira. Anatsika masitepe, napita molunjika kutsogolo kwa galimoto, napisa dzanja pansi pa boneti pamene pali kachitsulo kotsekulira, osafufuza n'komwe. Boneti inakwera.

Nthungululu zinazilala. Anthu ankangoona mayi wovala bwino akuyendetsa chala pa chitsulo chakuda, milomo ikuyenda. Pena ankaseka, pena ankameza malovu. Mweemba anayandikira, nawerenga kumbuyo kwawo, ndipo kumwetulira kwake kunasanduka china. Chala chinatsika, chinatsika, mpaka chinaima pamphepete pa dera lotuwa.

"Apa panali Norah," anatero Ba Maambo.

"Ni ine, ba mami." Mawu a Norah anamveka pabwalo lonse. "Ba Jairos anakana. Anaima pasogolo pa motoka. Ine n'nawatukwana pa anthu, n'naipeleka kwina kuti aipalule. Sin'nawaleke asilize kukamba."

Ba Maambo anamuyang'ana mwana wawo. Sanakalipe, ndipo Norah akanakonda akanakalipa. Anangosisita dera lotuwalo ndi chikhatho, monga munthu amasisitira pamene panali dzino.

"Panali chani?" Norah anafunsa, misozi ikutsikira pa diresi lake la pamzere wa operekeza ukwati. "Analemba ati chani?"

Mayi ake anapukuta misozi. Anacheukira kwa Ba Jairos nagwedeza mutu.

Mkuluyo anavula chipewa. Anthu onse anali akumuyang'ana, ndipo chimenecho chinalimbitsa bawuti ija kuposa kale. "No-no-no…" Mwana wina anayamba kuseka, Norah anamuyang'ana kamodzi kokha, mwanayo n'kukhala chete. Kutchalitchi nthawi inali itakwana. Panalibe amene anasuntha.

"No-Norah wafika," anatero Ba Jairos pomaliza. "Mawu monga hu-hu-huta." Anabweza chipewa kumutu. "Sa-sananame."

Ba Maambo ndiwo anayamba kuseka, misozi ili mbwembwembwe, kenaka Mweemba, kenaka bwalo lonse. Norah anaseka naye, akulira, nkhope ataibisa m'manja.

Ba Jairos anapisa m'thumba la jekete natulutsa kachitini ka penti yoyera ndi kaburashi kowonda ngati kamtengo ka machesi. Anapereka kwa Ba Maambo ndi manja awiri. Iwo anakayang'ana kanthawi, nakapereka kwa Norah.

"Lemba ukwati wa m'bale wako," anatero Ba Maambo. Norah analozetsa kaburashi pa dera lotuwa, pamene panali malo ambiri, koma mayi ake anamugwira mkono. "Apo iyayi. Apo pazakhala so. Lemba pansi, pamene atate ako analekezela."

Norah anawerama pansi pa boneti. Chitsulo chinkanunkha oilo wakale ndi dzuwa. Anaviika kaburashi, nayamba kulemba tsikulo, ndipo anapeza kuti kulemba chagada, dzanja lili m'mwamba, maso ali ndi misozi, si ntchito yamasewera. Atamaliza anabwerera m'mbuyo kuti aone. Manambala ake anali opindikapindika, ngati a mwana wa giredi wanu.